Wampatuko ndani? Mmene Akhristu oyamba anadulira malire a chikhulupiriro

M'chaka cha 2025 mipingo yambiri inakumbukira kuti patha zaka 1700 chichitikireni msonkhano wa maepiskopi mumzinda wa Nicaea, umene lero ukutchedwa Iznik m'dziko la Turkey. Kumeneko ndi kumene kunayambira mawu a chikhulupiriro amene Akatolika, Aangilikani, Alutherani ndi ena ambiri amanena ataimirira m'tchalitchi Lamulungu. Chikumbutsochi chinautsanso nkhani zimene zimamveka kawirikawiri pa wailesi ndi pa Facebook. Ena amati ku Nicaea ndi kumene mfumu Constantine anasankha mabuku olowa m'Baibulo. Ena amati kumeneko Yesu anapatsidwa umulungu pochita kuvota. Enanso amati maepiskopi sanachite china koma kubwereza zimene atumwi anasiya.

Ziwiri zoyambazo n'zosavuta kuyankha. Pa zolembedwa zonse zotsala za msonkhanowu, palibe pamene pakuonetsa kuti anakambirana mndandanda wa mabuku. Ndipo Akhristu anali atayamba kalekale kupembedza Yesu: cha m'ma 112, bwanamkubwa wachiroma Pliny analembera mfumu Trajan kuti Akhristu a m'chigawo chake cha Bithynia amasonkhana kusanache n'kumaimbira Khristu nyimbo ngati mulungu. Chachitatucho ndiye chovuta. Kuti tichimvetse tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka 200 msonkhanowo usanachitike, pamene funso lakuti Mkhristu weniweni ndi wotani linali lisanapeze yankho limodzi lomveka kwa onse.

Mpatuko n'chiyani?

Mawu achigiriki amene timawamasulira kuti mpatuko ndi *hairesis*, ndipo poyamba sanali onyoza. Ankatanthauza gulu la anthu otsata maganizo amodzi. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus anawagwiritsa ntchito pofotokoza Afarisi, Asaduki ndi Aesene. Pa Machitidwe 24:5 woneneza Paulo akumutcha mtsogoleri wa mpatuko wa Anazarene, kusonyeza kuti Chikhristu chenichenicho chinkaoneka ngati kagulu ka mkati mwa Chiyuda. Pofika cha m'ma 150, m'zolemba za Justin Martyr, mawuwa anali atawawa. Tsopano ankanena chiphunzitso chimene munthu wodzitcha Mkhristu wadzisankhira yekha, kusiya chimene mpingo unalandira.

Wampatuko sanali wakunja. Wopembedza milungu ya Aroma sankatchedwa choncho, chifukwa sankanena n'komwe kuti ndi wa Khristu. Wotaya chikhulupiriro pa nthawi ya mazunzo anali ndi mlandu wakewake. Ogawa mpingo chifukwa cha utsogoleri kapena mwambo, chiphunzitso chili chimodzimodzi, ankawerengedwa paokha, ngakhale kuti mkangano ukakula mayinawa ankasakanikirana. Wampatuko anali wa m'nyumba momwemo: wobatizidwa, wowerenga malemba, wopemphera m'dzina la Yesu, koma wophunzitsa zimene anzake anaona kuti zikugumula maziko.

Ndipo palibe amene anadzitcha yekha wampatuko. Mayina akuti a Marcion, a Arius, a Nestorius ankaperekedwa ndi otsutsa, pofuna kusonyeza kuti gulu ili likutsata munthu osati Khristu. Eniakewo ankangodziwa kuti iwo ndi Akhristu.

Nkhaniyi imafanana ndi ya malire a munda. Abale akalandira munda wa makolo amatha kulima zaka zambiri popanda wobzala khonje kapena nkhadze m'malire, aliyense akudziwa mwa chizolowezi pamene khasu lake limalekezera. Tsiku limene wina walowa mizere iwiri kwa mnzake ndi pamene akuluakulu amaitanidwa, mboni zimafunsidwa, malire n'kudulidwa. Wowina mlandu amati malire anali pomwepo kuyambira kale. Woluza amati adulidwa lero, mokondera. Chiphunzitso chovomerezeka cha mpingo chinalembedwa momveka mwa njira imeneyo, moti pafupifupi mzere uliwonse wa chikhulupiriro chimene chimanenedwa m'tchalitchi ndi yankho kwa munthu wina amene ananena zosiyana.

Chikhristu chisanakhale ndi nkhope imodzi

Pakati pa zaka za 100 ndi 200, munthu woyenda kuchoka ku Syria kupita ku Roma akanakumana ndi Akhristu osiyana modabwitsa. Aebioni anali Akhristu achiyuda osunga chilamulo cha Mose, mdulidwe ndi Sabata. Ankakana Paulo, ndipo ambiri mwa iwo ankati Yesu anali munthu wobadwa mwa Yosefe ndi Maria amene Mulungu anamusankha. Kumbali inayo kunali ophunzitsa kuti Yesu anali waumulungu kwambiri moti sakanavala thupi lenileni: ankangooneka ngati akumva njala, ngati akufa. Ignatius, episkopi wa ku Antioch, anawayankha m'makalata amene analemba ali pa ulendo wokaphedwa ku Roma cha m'ma 110. Anafunsa kuti, ngati Khristu anangooneka ngati akuzunzika, nanga iye wamangidwiranji maunyolo enieni?

Amene anagwedeza mpingo koposa anali Marcion, mwini zombo wolemera wa ku Sinope, m'mphepete mwa Black Sea. Anafika ku Roma cha m'ma 140 n'kupereka ku mpingo ndalama zambiri. Funso lake ndi lomwe owerenga Baibulo ambiri amalifunsabe mumtima: Mulungu wolamula nkhondo, wa diso kulipa diso, angakhale bwanji yemweyo amene Yesu akumutcha Atate, wolamula kukonda adani? Marcion anayankha kuti ndi milungu iwiri. Wina ndi mlengi wa dziko lino, wachilungamo chouma. Wina ndi Mulungu wachifundo amene sankadziwika kufikira Yesu atamuulula. Choncho anataya Chipangano Chakale chonse, n'kutsala ndi Uthenga wa Luka wochotsedwa mbali zina ndi makalata khumi a Paulo. Mu 144 mpingo wa ku Roma unamudula, n'kumubwezera ndalama zake. Iye sanabwerere m'mbuyo. Anakhazikitsa mipingo yake, ya maepiskopi ake ndi ofera chikhulupiriro akenso, imene inakhalapo zaka mazana angapo, makamaka ku Syria. Mukamva chikhulupiriro chikuyamba ndi kunena kuti Mulungu ndi mmodzi, Atate yemwenso ndi Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, dziwani kuti m'makutu a Akhristu a nthawi imeneyo mawuwo ankatseka khomo limene Marcion anatsegula.

Panalinso magulu amene lero amaikidwa pamodzi pansi pa dzina lakuti Gnostic, kuchokera ku mawu achigiriki otanthauza chidziwitso. Mphunzitsi wawo wotchuka, Valentinus, anaphunzira ku Alexandria n'kukaphunzitsa ku Roma. Ambiri mwa iwo ankati dziko looneka ndi maso linapangidwa ndi wamphamvu wina wocheperapo, ndipo mwa anthu ena muli kachiphaliwali ka umulungu kotsekeredwa m'thupi, kamene kamamasuka munthu akalandira chidziwitso chobisika chimene Yesu anauza ophunzira ochepa. Kwa zaka zambiri anthu amenewa ankadziwika kwenikweni kudzera m'zolemba za adani awo. Mu 1945 alimi a kufupi ndi Nag Hammadi ku Egypt anafukula mtsuko wokhala ndi mabuku 13 a mapepala a gumbwa, momwe munali zolembedwa zoposa 50 m'chinenero cha Coptic, kuphatikizapo Uthenga wa Tomasi wa mawu 114 onenedwa kuti ndi a Yesu. Atawawerenga, akatswiri ambiri anaona kuti dzina limodzi lija likuphimba magulu osiyana kwambiri.

Mkangano wa Montanus unali wa mtundu wina. Iye ndi aneneri awiri aakazi, Prisca ndi Maximilla, anadzuka ku Phrygia chaka cha 150 chitadutsa, akunena kuti Mzimu Woyera akulankhula mwa iwo. Ankalimbikitsa kusala kudya kwambiri, ankaletsa ukwati wachiwiri, ndipo ankayembekezera mapeto posachedwa. Pa za Mulungu ndi Khristu sanasiyane ndi mpingo waukulu. Vuto linali lakuti wolankhula m'malo mwa Mulungu ndani, mneneri kapena episkopi? Tertullian wa ku Carthage, yemwe analemba mwaukali potsutsa ampatuko, iye mwini anadzakopeka ndi uneneri umenewu. Funso limeneli silachilendo kwa aliyense amene waonapo mpingo ukugawikana chifukwa cha mneneri.

Yankho la Irenaeus

Cha m'ma 180 Irenaeus, episkopi wa ku Lyon m'dziko limene lero ndi France, analemba mabuku asanu otsutsa mipatuko. Ali mwana anamvapo Polycarp wa ku Smyrna akuphunzitsa, ndipo Polycarp ankanenedwa kuti anadziwana ndi Yohane. Unyolo umenewu wa wophunzitsa ndi wophunzira ndiwo unali mtima wa mfundo zake. Ngati atumwi anali ndi chiphunzitso chachinsinsi, anatero iye, akanachipereka kwa anthu amene anawasiyira mipingo. Choncho anandandalika maepiskopi a ku Roma kuyambira pa Linus kufika pa Eleutherus wa m'masiku ake, kusonyeza kuti chiphunzitso chinadutsa poyera, dzanja ndi dzanja. Anatchulanso lamulo la chikhulupiriro, mfundo zazifupi zophunzitsidwa kwa obatizidwa, zimene anati n'zofanana ku Germany, ku Spain, ku Egypt ndi ku Libya. Ndipo anaumirira kuti Mauthenga Abwino ndi anayi, osachepera, osapitirira.

Mndandanda wonse wa Chipangano Chatsopano unakhazikika pang'onopang'ono. Kummawa ambiri ankakayikira Chivumbulutso, kumadzulo ankakayikira Ahebri. Mndandanda woyamba umene tili nawo wofanana ndendende ndi mabuku 27 a lero uli m'kalata ya Pasaka ya Athanasius ya mu 367, patapita zaka 42 chichitikireni Nicaea.

Malirewo ankathanso kusuntha. Origen wa ku Alexandria anali mphunzitsi wamkulu wa Baibulo wa m'nthawi yake, anazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro mu ulamuliro wa Decius, ndipo anamwalira cha m'ma 254 ali mumpingo. Koma mlandu suwola: patapita zaka pafupifupi 300, m'nthawi ya mfumu Justinian, dzina lake linaikidwa pa mndandanda wa otembereredwa.

Pa nthawi ya Irenaeus ndi Origen mpingo unalibe asilikali kapena ndende. Chilango chake chachikulu chinali kumuchotsa munthu pa mgonero. Zimenezi zinali pafupi kusintha.

Mfumu ikalowa m'mlandu

Mu 303 mfumu Diocletian anayambitsa mazunzo aakulu: matchalitchi anagwetsedwa, ndipo atsogoleri analamulidwa kupereka mabuku opatulika kuti atenthedwe. Ena anapereka, ena anasankha imfa. Mu 313 Constantine ndi mfumu inzake Licinius analola Chikhristu n'kulamula kuti katundu wa mipingo abwezedwe. Nthawi yomweyo panabuka funso lovuta: mumzinda wa maepiskopi awiri otsutsana, boma libwezere uti?

Funsoli linayambira ku Carthage, mu Tunisia ya lero. Akhristu ambiri kumeneko anakana episkopi Caecilian, ponena kuti mmodzi mwa omudzoza anapereka mabuku pa nthawi ya mazunzo. Kwa iwo, dzanja limene linapereka malemba kwa ozunza silingapereke ubatizo kapena udzozo weniweni, ndipo ankabatizanso obwera kuchokera mbali inayo. Anadziwika ndi dzina la mtsogoleri wawo Donatus. Misonkhano ya ku Roma mu 313 ndi ku Arles mu 314 inawagamula kuti alakwa, koma iwo sanagonje, ndipo kwa zaka 100 midzi yambiri ya kumpoto kwa Africa inali ndi matchalitchi awiri. Mu 411, pa mtsutso waukulu wa ku Carthage, mbali iliyonse inabwera ndi maepiskopi oposa 270. Augustine wa ku Hippo anaphunzitsa kuti mphamvu ya sakramenti imachokera kwa Khristu, osati ku chiyero cha wansembe. Anavomerezanso kuti boma liwakakamize kubwerera, potengera mawu a pa Luka 14:23, ndipo mfundo imeneyo inadzagwiritsidwa ntchito mopweteka m'zaka zotsatira.

Pa za Utatu ndi za Khristu mbali ziwirizi zinkakhulupirira zofanana. Ankalimbirana funso lakuti mpingo n'chiyani: msonkhano wa oyera amene sanagwade, kapena munda wa tirigu ndi namsongole wodikira nthawi yokolola?

Arius ndi mawu amodzi osapezeka m'Baibulo

Arius anali wansembe wa ku Alexandria, ndipo cha m'ma 318 anasemphana ndi episkopi wake Alexander. Anthu ambiri lero amaganiza kuti iye ankati Yesu anali munthu wamba. Sizinali choncho. Arius ankavomereza kuti Mwana analipo dziko lisanalengedwe, kuti zonse zinalengedwa kudzera mwa iye, ndi kuti ndi wamkulu kuposa angelo. Koma ankati Atate yekha ndiye wopanda chiyambi. Wobadwa aliyense ali ndi poyambira, choncho Mwana sanakhalepo kuyambira muyaya monga Atate. Ankafuna kuteteza umodzi wa Mulungu, ndipo mbali yake inali ndi mavesi: Miyambo 8:22, ndi Yohane 14:28 pamene Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa iye.

Otsutsana naye analinso ndi mavesi awo, monga Yohane 1:1 ndi Yohane 10:30, komanso mafunso awiri olemera. Ngati Khristu ndi cholengedwa, kodi Akhristu pomupembedza sakupembedza fano? Ndipo cholengedwa chingapulumutse bwanji zolengedwa zinzake? Apa ndi pamene nkhaniyi inali kukhudza moyo wa mpingo: ubatizo, pemphero, chiyembekezo cha munthu pa bedi la imfa.

Constantine atangokhala wolamulira yekha wa ufumu wonse mu 324, anapeza mipingo ya kummawa itagawikana. Poyamba analemba kalata yodzudzula mbali zonse ziwiri kuti zikukangana pa kanthu kakang'ono. Zitakanika, anaitanitsa msonkhano mu 325. Mwambo wa mpingo umati kunafika maepiskopi 318, koma olemba mbiri ambiri amaika chiwerengerocho pansi pa 300, ndipo pafupifupi onse anali a kummawa. Vuto limene anakumana nalo linali lakuti mawu aliwonse a m'Baibulo amene ankaperekedwa, mbali ya Arius inkawavomera n'kuwamva mwa njira yake. Ndiye anatenga mawu osapezeka m'malemba, *homoousios*, kunena kuti chimene Atate ali, Mwananso ali chomwecho: umulungu umodzi. Anawonjeza kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa. Onse anasaina kupatula maepiskopi awiri a ku Libya, Secundus ndi Theonas, amene anathamangitsidwa pamodzi ndi Arius. Mfumu inalamula kuti mabuku a Arius atenthedwe.

Mbali imene imaiwalika kawirikawiri ndi yakuti Nicaea sinathetse mkanganowu. Maepiskopi ambiri amene sanali otsatira Arius ankadandaula ndi mawu atsopanowo, poona kuti akhoza kumveka ngati Atate ndi Mwana ndi mmodzi yemweyo wongosintha mayina, chiphunzitso cha Sabellius chimene chinali chitakanidwa kale. Pasanathe zaka zambiri, anzake a Arius anabwerera m'maudindo. Athanasius, amene analowa uepiskopi wa Alexandria mu 328 nakhala mtetezi wamkulu wa Nicaea, anathamangitsidwa pampando wake kasanu. Constantine mwiniwake anabatizidwa mu 337, ali pafupi kufa, ndi Eusebius wa ku Nicomedia, yemwe anali kumbali ya Arius. Mwana wake Constantius anachititsa misonkhano mu 359 ndi 360 imene inaletsa mawu aja n'kungoti Mwana amafanana ndi Atate monga mwa malemba. Kwa zaka pafupifupi 20, m'mizinda yambiri ya kummawa, wogwira mawu a ku Nicaea ndiye anali wotsutsana ndi chiphunzitso cha boma.

Mkanganowu unafika kutali. Constantius analembera Ezana, mfumu ya Aksum ku Ethiopia, kuti atumize episkopi Frumentius ku Alexandria akafunsidwenso za chikhulupiriro chake, chifukwa anadzozedwa ndi Athanasius. Kumpoto, Ulfilas anamasulira Baibulo m'chinenero cha anthu a mtundu wa Goth n'kuwaphunzitsa Chikhristu chosatsata Nicaea, ndipo mafumu awo ku Spain anachisunga kufikira msonkhano wa ku Toledo wa mu 589. Kwa iwo chiphunzitsocho chinakhalanso chizindikiro chowasiyanitsa ndi Aroma amene ankawalamulira.

Chimene chinathandiza mbali ya Nicaea chinali ntchito ya aphunzitsi atatu a ku Cappadocia: Basil, mng'ono wake Gregory wa ku Nyssa, ndi mnzawo Gregory wa ku Nazianzus. Iwo anapeza kanenedwe kosiyanitsa bwino zinthu ziwiri: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu enieni, koma umulungu wawo ndi umodzi. Okayikira ambiri anakhutira. Kenako mu 380 mfumu Theodosius anakhazikitsa lamulo lakuti otsata chikhulupirirochi okha ndiwo azitchedwa Akhristu a mpingo wa ponseponse, ndipo mu 381 msonkhano wa ku Constantinople unatsimikiza Nicaea n'kuwonjezera mawu onena za Mzimu Woyera. Chikhulupiriro chonenedwa m'matchalitchi lero ndi cha mu 381 chimenechi. Kuyambira pamenepo mpatuko unasanduka mlandu wa boma. Mu 385 Priscillian, episkopi wa ku Avila, anaphedwa ku Trier pa lamulo la mfumu, pa mlandu wa matsenga umene adani ake a mumpingo anamunenera. Martin wa ku Tours ndi Ambrose wa ku Milan anatsutsa zimenezi ngakhale sankagwirizana ndi chiphunzitso chake.

Chalcedon, bala limene silinapole

Atagwirizana kuti Khristu ndi Mulungu weniweni, funso lotsatira linali lakuti umulungu ndi umunthu zimakhala bwanji mwa iye. Aphunzitsi a ku Antioch ankasamala kuti ziwirizi zisasakanizidwe, kuopa kuti umunthu wa Yesu ungamezedwe. A ku Alexandria ankasamala kuti Khristu asagawidwe pawiri, ngati kuti wina ndi amene analira pa manda a Lazaro ndipo wina ndi amene anamuukitsa.

Moto unabuka pa dzina la Maria. Nestorius, amene anakhala episkopi wa Constantinople mu 428, sanakondwe ndi mawu akuti Amayi a Mulungu, omwewo amene Akatolika amanena m'pemphero la Tikuoneni Maria. Anati ndi bwino kunena kuti Amayi a Khristu. Cyril wa ku Alexandria anayankha kuti wobadwa mwa Maria ndi Mwana wa Mulungu mwiniwake atavala thupi, choncho kukana dzinalo n'kugawa Khristu. Pa msonkhano wa ku Ephesus mu 431 Cyril anatsegula zokambirana maepiskopi a ku Antioch asanafike, ndipo Nestorius anachotsedwa. A ku Antioch atafika anachita msonkhano wawo n'kuchotsa Cyril. Mfumu inatsamira kwa Cyril, ndipo Nestorius anakafera ku Egypt kumene anathamangitsidwira. Mu 449 msonkhano wina ku Ephesus komweko, wotsogoleredwa ndi Dioscorus wa ku Alexandria, unapendekera kwambiri mbali ya Alexandria, moti Papa Leo anautcha msonkhano wa achifwamba. Mfumu itasintha, msonkhano wa ku Chalcedon wa mu 451 unachotsa Dioscorus n'kugamula kuti Khristu ndi mmodzi, wodziwika m'zikhalidwe ziwiri, umulungu ndi umunthu, zosasakanizika, zosasinthika, zosagawika, zosalekanitsika.

Akhristu ambiri a ku Egypt ndi Syria anamva kuti mawu akuti ziwiri akubweza Nestorius pakhomo la kuseri. Iwo anagwira kanenedwe ka Cyril kakuti chikhalidwe ndi chimodzi, cha Mawu a Mulungu atasanduka thupi, momwe umulungu ndi umunthu zili zathunthu. Episkopi amene boma linaika ku Alexandria, Proterius, anaphedwa ndi khamu la anthu mu 457. Otsata Chalcedon m'madera amenewo anapatsidwa dzina lakuti Melkite, kutanthauza anthu a mfumu. Mipingo ya Coptic ku Egypt, ya ku Ethiopia ndi Eritrea, ya ku Armenia, ya ku Syria ndi ina ya ku India siinalandire Chalcedon mpaka lero, ndipo nayonso imadzitcha ya Orthodox, ya chikhulupiriro cholondola. Mpingo wa ku Persia, umene adani anautcha wa Nestorius, unalowera kummawa mpaka kufika ku China mu 635, monga ukuchitira umboni mwala wolembedwa umene unaimikidwa mu 781 ndipo ukusungidwa ku Xi'an.

Mu 1973 Papa Paul VI ndi Papa Shenouda III wa mpingo wa Coptic anasaina chikalata chovomereza chikhulupiriro chimodzi mwa Khristu, Mulungu wathunthu ndi munthu wathunthu. Mu 1994 Papa John Paul II ndi Mar Dinkha IV wa mpingo wa Assyria, wochokera ku mpingo wa ku Persia uja, anachita chimodzimodzi.

Mafunso amene akadali m'bwalo

Funso lalikulu ndi lakuti chinayamba n'chiti. Tertullian ndi wolemba mbiri ya mpingo Eusebius wa ku Caesarea ankati choonadi ndicho chinayamba, ndipo mipatuko inamera pambuyo pake. Mu 1934 katswiri wa ku Germany Walter Bauer anatembenuza nkhaniyi. Anati m'malo ena, monga Edessa ndi Egypt, Chikhristu choyamba kufika chinali chimene pambuyo pake chinatchedwa mpatuko, ndipo chiphunzitso chovomerezeka ndi cha gulu limene linapambana mothandizidwa ndi mpingo wa ku Roma. Omutsutsa, monga H. E. W. Turner, anati umboni wake ndi wochepa ndipo nthawi zambiri ankadalira kusapezeka kwa zolembedwa. Iwo amaloza ku makalata a Paulo, kumene mfundo za imfa ndi kuuka kwa Khristu zikuoneka kale ngati cholowa cholandiridwa. Lero ambiri amavomereza kuti kusiyana kunali kwakukulu kuposa mmene Eusebius anafotokozera, koma sagwirizana ngati panali tsinde limodzi kuyambira pachiyambi.

Za mphamvu ya mafumu nazonso sizinathe. Kodi Nicaea ikanapambana popanda Theodosius? Wonena kuti ayi amaloza ku malamulo olanda matchalitchi ndi kuthamangitsa maepiskopi. Wonena kuti inde amakumbutsa kuti mafumu Constantius ndi Valens anathandiza mbali inayo kwa zaka zambiri koma siinakhazikike, ndi kuti mpingo wa ku Persia, umene sunali pansi pa Aroma, unalandira chikhulupiriro cha ku Nicaea pa msonkhano wake wa mu 410.

Nanga anthu wamba ankalimbirana chiphunzitso, kapena ankateteza episkopi wawo, mzinda wawo ndi chinenero chawo? Gregory wa ku Nyssa analemba kuti ku Constantinople ukafunsa mtengo wa buledi, wogulitsa amakuuza kuti Atate ndi wamkulu kuposa Mwana. Ena amawerenga zimenezi ngati umboni wakuti nkhani ya Mulungu inafikadi pamsika. Ena amati ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa chiphunzitso chinali mbendera ya anthu otopa ndi ulamuliro wakutali. Kulekanitsa ziwirizi n'kovuta, makamaka chifukwa mawu a oluza ambiri anatenthedwa, ndipo za Arius mwiniwake zatsala makalata atatu ndi zidutswa za ndakatulo yake zimene adani ake anakopera.

Ndipo pali funso limene mipingo ya lero ikulimbana nalo. Ngati atsogoleri avomereza kuti pa za Khristu mbali za Chalcedon zinkanena chikhulupiriro chimodzi m'mawu osiyana, matemberero akale achotsedwe bwanji, pamene Dioscorus ndi woyera kwa ena koma wochotsedwa paudindo kwa ena, ndipo Leo ndi mphunzitsi wamkulu kwa ena koma wokanidwa kwa ena? Zokambirana za pakati pa mabanja awiri a mipingo ya Orthodox, olandira Chalcedon ndi oikana, mu 1989 ndi 1990 zinapempha kuti matembererowo achotsedwe, koma si mipingo yonse imene inavomereza, ndipo mabanja awiriwa sanabwererebe pa guwa limodzi.